Kudikira buku la ku Sweden kuti lituluke m'Chingerezi popanda munthu kukuululirani mathero

Amene munakulira pafupi ndi vidiyo show mukumukumbuka mwana uja woti filimu anaionera kale katatu koma amalowabe, nkukakhala benchi yakutsogolo, ndiye inu mtima uli dyokodyoko iye amangoti "ameneyu afa pompano, onani." Ndalama mwalipira, filimu ikupitirira koma kukoma kwathera pomwepo. Pa intaneti mwana ameneyu alipo, kungoti kumeneko ndi chikhamu cha anthu ndipo ambiri sachitira dala, angosangalala ndi zomwe awerenga basi. Zimenezi ndi zomwe owerenga amati ma spoiler, ndipo zimawawa kwambiri ukamadikira buku loti anzako a dziko lina anamaliza kale iwe chilankhulo chake sukuchimva.

Ine ndinadikirapo Vinnarna, buku lachitatu komanso lomaliza la Fredrik Backman pa nkhani ya Björnstad, katauni ka m'nkhalango komwe anthu moyo wawo wonse ndi hockey. Ku Sweden linatuluka mu 2021, la Chingerezi lotchedwa The Winners linabwera mu Seputembala 2022, ndipo kuti lifike m'manja mwanga panadutsanso masabata angapo. Ndinafika tsamba lomaliza ndisakudziwa kanthu. Sizinangochitika mwamwayi ayi, buku lina m'mbuyomo ndinapsa nalo ndiye ulendo uno ndinachita kukonzekera. Musaope, muno sindiulula chilichonse cha m'buku lina lililonse.

Sitepe 1: Dziwani kaye kuti ulendowu ndi wautali bwanji

Anthu ambiri amagwidwa chifukwa tsiku lililonse amakasaka kuti "lituluka liti", ndiye posakapo ndi pomwe amakumana ndi zomwe samafuna. Choncho mvetsani kaye momwe zimayendera. Buku likatuluka ku Sweden, ejenti wa wolembayo amagulitsa ufulu womasulira ku makampani osindikiza a mayiko ena, nthawi zambiri kudzera mu zionetsero zikuluzikulu za mabuku ngati cha ku Frankfurt cha mu Okutobala ndi cha ku London. Kampani ya ku Britain kapena ku America ikagula imapeza womasulira, iyeyo amakhala nalo miyezi ndithu, kenako akonzi amalidutsamo, apange chikuto, alipezere malo pa ndandanda wa mabuku awo otuluka chaka chimenecho. Buku la masamba oposa 600 ngati The Winners si ntchito ya sabata ziwiri. Amene anamasulira mabuku atatu onsewo ndi Neil Smith, ndipo mukamamva kukoma kwa Chingerezi chake dziwani kuti ndi thukuta la munthu.

Kwa wolemba wotchuka kale, chaka chimodzi ndi chomwe muyembekezere. Kwa amene sanadziwike kunja zimatha kutenga zaka, buku loyamba la Stieg Larsson linatuluka mu 2005 koma la Chingerezi linabwera mu 2008. Nthawi zina zimaphweka, mu 2015 buku lachinayi la Millennium, mndandanda womwe anayambitsa Larsson yemweyo, lomwe analemba David Lagercrantz analitulutsa m'zilankhulo zambiri pafupifupi nthawi imodzi, koma zimenezo amachitira mabuku a ndalama zambiri okhaokha, musadalire.

Ndiye chitani izi. Pezani dzina la kampani yomwe inasindikiza buku lam'mbuyo la wolembayo m'Chingerezi, lili pachikuto chakumbuyo kapena tsamba lachiwiri lija la zilembo zing'onozing'ono, pomwepo palinso dzina la womasulira. Pitani pa webusayiti ya kampaniyo molunjika, osadzera kosaka. Muone deti lokha. Mawu ofotokoza bukulo omwe amaika pansi pa chithunzi aphimbeni ndi chikhatho, ndikunena chikhatho chenicheni pa sikirini, chifukwa ofotokoza buku lachitatu saopa kutchula zomwe zinachitika mu loyamba ndi lachiwiri komanso amakonda kukupatsani theka la chiyambi. Deti mukalipeza lilembeni pa kalendala, mubwerekonso kamodzi pamwezi kukaona ngati lasintha, kupitirira apo ayi.

Onaninso ngati la ku Britain ndi la ku America akutuluka limodzi. Buku lachitatu la Larsson ku Britain linatuluka mu Okutobala 2009 pamene ku America anadikira mpaka Meyi 2010. Inu tengani lomwe layamba.

Sitepe 2: Lembani mawu oopsa papepala

Apa ndi pomwe pagona ntchito yonse ndiye musathamange. Tengani pepala ndi cholembera, foni ikani pambali kaye.

Yambani ndi dzina la buku, m'Chiswidishi ndi m'Chingerezi momwe. Musaganize kuti mayinawa amafanana nthawi zonse, buku loyamba la Larsson lija kwawo ndi Män som hatar kvinnor, kutanthauza amuna odana ndi akazi, pamene la Chingerezi analipatsa dzina losiyaniratu lonena za mtsikana wa tattoo. Ngati dzina la Chingerezi silinalengezedwe siyani mpata mudzalembe likadziwika. Kenako dzina la wolemba, lonse komanso la bambo lokha. Kenako mayina a anthu a m'nkhani omwe mukuwadziwa kuchokera m'mabuku am'mbuyo, ndi mayina a malo.

Pali zinthu ziwiri zomwe ambiri sadziwa. Choyamba Chiswidishi chili ndi zilembo å, ä ndi ö, ndiye anthu akunja polemba amangozisiya timadontho, wina alemba Björnstad wina Bjornstad, foni yanu ikhoza kuwaona ngati mawu awiri osiyana. Lembani onse. Chachiwiri mayina a anthu amatha kusintha pomasulira. Mayi wina wa m'nkhani ya Björnstad m'Chingerezi ndi Kira koma kwa eni ake ndi Mira, ndiye mukatsekera Kira yekha munthu wa ku Sweden akalemba za Mira zidutsa bwinobwino mpaka m'maso mwanu.

Onjezani mawu ochepa a Chiswidishi omwe amayenda ndi nkhani zotere. Recension ndi ndemanga ya buku. Slutet ndi mathero. Dör ndiye kuti amwalira, död ndi imfa kapena wakufa, begravning ndi maliro. Ngati lanu ndi buku la apolisi ndi zigawenga, lomwe eni ake amati deckare, onjezani mördaren, kutanthauza wakuphayo. Mawu oti spoiler nawonso amawagwiritsa ntchito chimodzimodzi.

Komano musadzinamize kuti mwatseka Chiswidishi ndiye mwathana nazo. Anthu a ku Sweden Chingerezi amachitha kwambiri ndipo pa intaneti ambiri amalemba m'Chingerezi chomwecho. Pamwamba pa apo mabuku awo nthawi zambiri amafika msanga kwa anansi awo a ku Norway, Denmark ndi Finland, kaya ku Germany ndi ku Netherlands, la Chingerezi lisanatuluke, ndiye owerenga a mayiko onsewa amakhala ali patsogolo panu. Nchifukwa chake mayina a anthu a m'nkhani ndi ofunika kuposa mawu ena onse pa pepala lanulo, dzina la munthu limakhala lomwelo kaya wolemba positiyo akulankhula chilankhulo chanji.

Sitepe 3: Lowetsani mawuwo mu foni, app iliyonse payokha

Khalani pansi madzulo amodzi muli ndi bandulo yokwanira muchite zonse kamodzi.

Pa X pitani ku settings mupeze Muted words, lowetsani mawu amodziamodzi, ndipo ikakufunsani nthawi sankhani mpaka kalekale, osati masiku 30, chifukwa masiku 30 amatha inu mutaiwala. Ikaninso ma hashtag ake. Pa TikTok pali posefera mawu pansi pa Content preferences, ndipo kumeneko chitani mwakhama chifukwa owerenga a pa TikTok amakonda kudzijambula akulira atagwira buku nkulemba dzina la munthu pamwamba, olo asanene kanthu nkhope yokhayo yakuuzani kale. Pa Instagram pali Hidden words, komanso mutha kuuza app kuti isakuonetseni mapositi okhala ndi mawu ena ake. Malo a mabatani amenewa amasunthasuntha app ikasinthidwa ndiye ngati simukuwaona lembani dzina lake posakira mkati mwa settings momwemo.

Facebook ndi yovutirapo. Chomwe chimathandiza ndi Snooze, yomwe imabisa peji, gulupu kapena munthu kwa masiku 30, koma poti ulendo wathu ndi wa chaka bola kungopanga Unfollow. Simukudana ndi munthu, iye sadziwanso nkomwe. Peji ya wolembayo, magulupu a okonda mabuku ake, mapeji a mashopu a mabuku a ku Sweden ngati Adlibris, Bokus ndi Akademibokhandeln ngati munawatsatira chifukwa cha chikondi, onsewo apumitseni.

YouTube ilibe potsekera mawu. Kumeneko chomwe mungachite nkufufuta mavidiyo onse a wolembayo mu history, ndipo ikakubweretserani ina dinani timadontho titatu tija musankhe Not interested kapena Don't recommend channel. Osaitsegula kuti muone ngati ili ndi spoiler. Mukangotsegula imodzi mwaiphunzitsa kuti mumakonda zimenezo ndipo mawa ikubweretserani khumi.

Sitepe 4: Zimitsani zomasulira zokha

Iyi ndi yaifupi koma musaidumphe. Chomwe chimakutetezani kwambiri nchoti Chiswidishi simuchimva, ndiye foni ikamamasulira yokha mpanda umenewu wagwa. Pa Facebook lowani ku Language and region muuze kuti mapositi a Chiswidishi isamawamasulire yokha. Pa Chrome ikakufunsani zomasulira tsamba la Chiswidishi sankhani kuti isamatero. Ndipo kabatani kaja koti See translation pansi pa komenti, chala chanu chisakafikepo.

Sitepe 5: Malo oti musapondeko mpaka mutawerenga

Ndikuuzeni zoona, pa ma spoiler onse omwe ndamvapo kwa anzanga owerenga, ambiri sanachite kuwagwera, anachita kuwatsata okha. Munthu umangoti ndingosuzumira pang'ono ndione ngati anthu alikonda. Buku lomwe ndinapsa nalo lija zinali choncho, ndinalowa pa tsamba lina la ndemanga kuti ndingoona nyenyezi zomwe alipatsa, ndemanga yoyamba inali ya m'Chingerezi ndipo mzere woyamba weniweniwo unatchula yemwe wamwalira. Ndinali nditadikira miyezi 8. Usiku umenewo tulo sindinatione, ndipo bukulo litabwera ndinaliwerenga ngati munthu wopita ku maliro oti uthenga anaumva kale.

Wikipedia ndi malo oyamba kupewa. Kumeneko salemba chenjezo, nkhani yonse amaifotokoza mpaka mathero, ndi lamulo lawo. Osati peji ya bukulo yokha, ya wolemba, ya mndandanda wonse wa mabukuwo, ya filimu yake, zonsezo zimatha kukhala ndi chiganizo chimodzi chokuphani.

Goodreads, webusayiti yomwe owerenga amalembapo maganizo awo pa mabuku, imaika ndemanga za buku limodzi pamalo amodzi posatengera chilankhulo, ndiye peji ya buku la Chingerezi loti silinatuluke imakhala ili kale ndi ndemanga za omwe anawerenga la Chiswidishi. Kubisa spoiler kumeneko amasankha yekha wolemba ndemangayo, wina amabisa wina sabisa. Mukafuna kuliika pa ndandanda wa mabuku omwe mukufuna kudzawerenga, chitani msanga nkutuluka osatsikira pansi.

Posakira pa Google samalani ndi mawu aja amadzimalizitsa okha. Mukangolemba dzina la munthu wa m'nkhani, pansi pamabwera zomwe anthu ena akhala akusaka, ndipo zomwe anthu amasaka akamaliza buku mukuzidziwa. Simunadine kalikonse koma mwaona kale. Lamulo langa linali loti dzina la munthu wa m'nkhani sindililemba posakira paliponse, olo ndikufuna kungokumbuka kuti anali mlongo wake wa ndani. Ndikaiwala ndimatsegula buku lam'mbuyo nkusanthula masamba.

Ma chatbot a AI nawonso chimodzimodzi, mukawafunsa funso laling'ono amayankha ndi mtima wonse mpaka kupitirira pomwe munafunsa.

Pali malo ena awiri omwe amaoneka aulemu koma muwasamale. Mawebusayiti a maejenti, ngati Salomonsson Agency yomwe inkayimira Backman, amalemba za mabuku m'Chingerezi bukulo lisanamasuliridwe, chifukwa akufuna makampani akunja agule. Magazini ya Swedish Book Review nayonso imalemba m'Chingerezi za mabuku atsopano a ku Sweden, nthawi zina nkuikamo ndime zomasuliridwa. Ndi malo abwino kwambiri opezerako mabuku ena oti muwadziwe, ine ndimawakonda, koma nkhani yokhudza buku lomwe mukudikiralo idumpheni.

Sitepe 6: Dziwani nyengo zomwe ku Sweden kumakhala phokoso

Kumapeto kwa Seputembala ku Göteborg kumakhala Bokmässan, chionetsero chachikulu cha mabuku, olemba amakhala pa mipando kufunsidwa mafunso ndipo timavidiyo take timayenda paliponse. Mu Novembala amapereka Augustpriset, mphoto yawo yaikulu ya mabuku. Pa TV yawo ya SVT pali pulogalamu ya mabuku yotchedwa Babel. Nyuzipepala ngati Dagens Nyheter ndi Svenska Dagbladet zimalemba ndemanga buku likangotuluka. Pa nyengo zimenezi chepetsani kuyendayenda m'makona a intaneti okamba za mabuku a kumeneko. Wolemba akamafunsidwa kwawo amayankha ngati akulankhula ndi anthu oti awerenga kale, sakuganiza za inu.

Choopsa china ndi filimu. Ku Sweden sachedwa kusandutsa buku kukhala filimu kapena series, mafilimu atatu a Millennium onse anatuluka mu 2009, kutanthauza kuti lachitatu linali m'makanema anthu a ku America buku lake asanaligwire. Mukamva kuti akujambula, onjezani pa pepala lanu lija dzina la filimuyo ndi mayina a osewera ake, ndipo trailer musaonere. Olo mndandanda wa osewera umaulula, mukaona kuti wosewera wina palibe mu gawo lotsatira mutu wanu uwerengera wokha.

Sitepe 7: Lankhulani ndi anthu anu

Foni mutha kuitchinga koma m'bale wanu simungamuike pa Muted words. Ngati muli ndi achimwene kapena achemwali omwe ali ku Sweden kaya ku Norway kusukulu kapena kuntchito, kapena mnzanu wa mu gulupu ya owerenga woti amamva Chijeremani, muuzeni poyera kumayambiriro komwe. Ine ndinalemba mu gulupu yathu chonchi: "Abale, buku lija ine ndikudikira la Chingerezi. Chonde amene mwawerenga musandiuze kalikonse, olo zoti ndi labwino kapena ndi lomvetsa chisoni. Ndikamaliza ndidzakuuzani ndekha."

Mbali yomalizayo ndi yofunika. Anthu amaganiza kuti spoiler nkutchula yemwe wafa basi, koma mawu ngati "ukonzekere kulira", "mutu womaliza udzandiimbira", "uja umamukonda uja, mmm" amawononga chimodzimodzi, chifukwa ukatero umawerenga buku lonse ukudikira chinthu chimodzi. Kwa akuluakulu omwe simungawadule pakamwa, apempheni mwaulemu nkhani isanayambe, "pepani achimwene, limenelo sindinafike, tikambe lina." Munthu wokonda mabuku amamvetsa.

Pa WhatsApp gulupu ikayamba kutentha ipangeni mute nkuiponya ku archive, ndipo zimitsani zoti zithunzi zizilowa zokha, poti anthu amakonda kujambula tsamba la buku nkutumiza. Ngati ndinu admin, tsegulani gulupu yachiwiri ya omwe amaliza, aliyense akamaliza azilowa kumeneko. Njira imeneyi inatithandiza kwambiri, omaliza anali ndi kokalira ndipo ife odikira tinali pa mtendere.

Sitepe 8: Chochita ndi miyezi yonseyi

Mtima ukakhala opanda chochita ndi pomwe chala chimayabwa. Werenganinso mabuku am'mbuyo, koma musayambe msanga, werengerani kuti mudzamalize kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti latsopanolo lifike. Pakatipo werengani olemba ena a kumeneko omwe mabuku awo anamasuliridwa kale onse. Pamenepo chenjezo limodzi, onani ndondomeko yomwe anatulukira ku Sweden osati ya Chingerezi, chifukwa omasulira satsata mzere nthawi zonse. Mabuku a Henning Mankell onena za wapolisi Wallander anatero, lachitatu linatuluka m'Chingerezi mu 1998 pamene lachiwiri linadikira mpaka 2001, ndiye wongotola lomwe wapeza amadziululira yekha za m'mbuyo.

Mayesero awiri adzakufikani. Oyamba ndi ogula e-book ya Chiswidishi nkumaiponya mu Google Translate ndime ndi ndime. Ine ndikuti ayi. Mudzadziwa zomwe zinachitika, zoona, koma mudzakhala mwadzipatsa nokha spoiler ya buku lonse m'Chingerezi chophwanyika, nthabwala zitafa, mawu a anthu onse akumveka ngati munthu mmodzi. Kuwerenga koyamba kumachitika kamodzi kokha, ndiye kuonongera pa makina pamene womasulira weniweni ali mkati mogwira ntchito ine zimandimvetsa chisoni.

Achiwiri ndi ophunzira Chiswidishi. Amenewa si oipa, chilankhulo nchabwino ndipo pa Duolingo chilipo, mawu ake ambiri amafanana ndi a Chingerezi. Kungoti dziwani chomwe mukulowa. Miyezi ingapo ya maphunziro a pa foni siingakufikitseni powerenga buku la masamba 600, koma ikufikitsani pomva mutu wa nkhani wa m'nyuzipepala ndi komenti ya mzere umodzi, ndiye mwadzichotsera chishango chija musanapeze mkondo. Ngati mukuphunzira, limbitsani kawiri zonse za mu sitepe 3 ndi 5.

Sitepe 9: Miyezi itatu yomaliza ndiye yoopsa kuposa yonse

Apa ambiri amatayirira poganiza kuti afika, pakadafunda padajiwitsa galu. Buku la Chingerezi lisanatuluke makampani amagawa makope oyambirira kwa olemba ndemanga, ogulitsa mabuku ndi owerenga a pa NetGalley, webusayiti yopereka mabuku asanatuluke, miyezi ingapo deti lisanakwane. Ndiye mwadzidzidzi ndemanga za m'Chingerezi zimayamba kutuluka paliponse, ndipo tsopano palibenso chilankhulo chokutchingirani. Bwererani ku pepala lanu, onjezani dzina la Chingerezi ngati munali musanaliike, onani ngati ma Snooze ena sanathe.

Nthawi yomweyi konzani za momwe bukulo lidzakufikireni, chifukwa kwa ife a kuno deti lotulukira si deti lolandirira. Ku London munthu amalowa mu shopu m'mawa nkutuluka nalo, ife timadikira wina wobwera. Masabata amenewo, dziko lonse lolankhula Chingerezi likukambirana inu mulibe, ndi omwe amagwetsa anthu. Njira yachangu ndi e-book ya pa Kindle kapena Kobo, mutha kuitanitsiratu ndipo imalowa yokha tsiku lotuluka, app yake imagwira pa foni wamba. Koma yesani khadi lanu la ku banki kukadali nthawi pogula kabuku kena kotchipa, nkhani ya forex mukuidziwa, musadzazindikire tsiku lomwelo kuti khadi likukana. Ngati ndinu a pepala ngati ine, fufuzani msanga yemwe akubwera kuchokera ku UK kapena ku Joni chapafupi ndi detilo, ku South Africa mashopu ngati Exclusive Books amakhala ndi mabuku atsopano otere. Mutumizireni ndalama ndi chithunzi cha chikuto, ndipo mumupemphe kuti asaliwerenge mu ndege nkudzafika nalo ndi ndemanga. Dziwaninso kuti loyamba kutuluka limakhala lachikuto cholimba kapena lalikulu lodula, laling'ono lotchipa limabwera patapita miyezi yambiri, ndiye ngati mukudikira lotchipalo zotchinga zanu zonse zikhalebe mpaka nthawi imeneyo.

Ma PDF oyenda m'magulupu aja asiyeni. Ena ndi omasuliridwa ndi makina nkuwaveka chikuto chenicheni, ena ndi osakwanira, ndipo wolemba ndi womasulira sapezapo kanthu.

Sitepe 10: Zikakugwerani

Zitha kuchitikabe. Mukaona kuti chiganizo chikulowera koipa siyani pomwepo, tembenuzani foni, osabwereza kuti mutsimikize ngati mwawerenga bwino. Ndipo chachikulu, musakafufuze ngati ndi zoona. Pa intaneti anthu amanama, ena amasokoneza mayina, ena akunena za filimu yomwe inasintha nkhani. Kukayika komwe mwatsala nako nkwamtengo wapatali, kusungeni.

Mu 2011 akatswiri awiri a pa yunivesite ya California ku San Diego, Jonathan Leavitt ndi Nicholas Christenfeld, anayesa anthu ndi nkhani zifupizifupi ndipo anapeza kuti omwe anauzidwiratu mathero anasangalalabe nazo, mwinanso kuposerapo pang'ono. Ine sindikuvomereza kuti nkhani yaifupi ndi yofanana ndi anthu oti wayenda nawo mabuku atatu kwa zaka, koma pali choonadi china mmenemo. Buku lomwe ndinapsa nalo lija ndinadziwa kuti ndani, koma sindinadziwe kuti zichitika bwanji, pamaso pa ndani, ndipo otsalawo atani, ndiye ndinaliwerengabe mpaka kumapeto ndipo pena linandigwira mtima. Musalitaye buku chifukwa cha mzere umodzi.

Sitepe 11: Tsiku lomwe lafika

Kumbuyo kwa chikuto musawerenge, ndi timawu toyamikira ta m'masamba oyambirira tomwe. Mndandanda wa mitu udumpheni, mayina a mitu amalankhula. Musatsegule kumapeto kuti muone kuti lili ndi masamba angati, diso limathamanga kuposa nzeru, ndipo mawu othokoza a wolemba omwe amakhala kumapeto muwasiyire kumapeto komweko. Pa Kindle zimitsani Popular highlights, timizere tija toonetsa pomwe anthu ambiri anadula mzere, chifukwa timakuuziranitu kuti pakubwera chinachake.

Zimitsani data, uzani a pakhomo kuti Loweruka limeneli muli ndi mlendo. Musalengeze pa status kuti mwayamba, pali anthu amayankha status ndi mathero. Werengani pa liwiro lanu, mwadikira chaka, palibe chothamangira.

Mukatseka tsamba lomaliza khalani nalo kaye tsiku limodzi musanamve maganizo a wina aliyense. Kenako tengani pepala lija, chotsani mawu onse omwe munatsekera, bwezerani mapeji omwe munasiya kutsatira, lowani mu gulupu ya omaliza ija. Koma kunja kwa gulupuyo, aliyense wokufunsani za bukulo muyambe mwamufunsa kuti "mwafika pati?", chifukwa pali wina akudikirabe lachikuto chofewa, ndi wina woti lake likadali mu sutikesi ya achemwali ake omwe abwera pa Khirisimasi.